Dokotala Amene Anasiya Mpeni Mochedwa

Panali dokotala wina wa opaleshoni pachipatala china chachikulu. Dzanja lake silinkanjenjemera, moti anzake ankangomutcha Lumo. Koma makutu analibe.

Tsiku lina a sisitala, mkulu wa anamwino, anamubweretsera timabotolo tiwiri ta jakisoni.

"Adokotala, taonani. Aka ndi madzi osungunulira mankhwala. Aka ndi mankhwala oti akalowa mumtsempha osasungunula, mtima umaima. Timabotoloti tikufanana ngati mapasa, ndipo tikukhala m'kabati imodzi. Inu akuluakulu amakumverani, kawauzeni."

"Sisitala, munthu wopita kusukulu amawerenga. Ine ntchito yanga ndi mpeni, osati makabati."

Patapita milungu itatu anachita opaleshoni bambo wina wa chophuka. Zonse zinayenda bwino. Masana bamboyo ankaseka ndi mkazi wake. Namwino anabwera kudzabaya bamboyo jakisoni, ndipo mphindi ziwiri zisanathe mtima unaima.

Kumsonkhano wokambirana za imfayo Lumo anamenya tebulo. "Wabaya ndani?"

Anaimirira namwino wina, mayi wa ana atatu, amene anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi popanda mlandu.

"Ndine, adokotala. Koma tsikulo ndinali ndekha ndi odwala makumi anayi, komanso pakabati paja..."

"Sindinafunse zimenezo."

Namwinoyo anachotsedwa ntchito, chiphaso cha unamwino n'kulandidwa. Aliyense amvekere vuto latha.

Patatha miyezi isanu zinachitikanso. Wodi ina, namwino wina, timabotolo tomwe tija. Ulendo uno anali mayi amene anabereka mwa opaleshoni dzana lake. Lumo ndiye anakauza mwamuna wake. Bamboyo sanakalipe. Anangoyang'ana khanda n'kufunsa kuti, "Nanga uyu ndikamuyamwitsa chiyani?"

M'mawa mwake Lumo anatenga kope n'kukakhala pakona pa wodi. Anakhalapo sabata yathunthu akungoona. Anapeza kuti osunga mankhwala anasintha koitanitsa osauza aliyense, n'chifukwa chake timabotolo tija tinayamba kufanana. Babu la pakabati linapsa kalekale, ndipo kalata yopempha lina inali padesiki ya munthu amene anali patchuthi. Lamulo linkati anamwino awiri aone botolo asanabaye, koma ndandanda ya ntchito inkaika mmodzi. Aliyense ankachita mbali yake. Panalibe wofuna kupha.

Kenako anadziyesa yekha. Anathamangira kukabati ngati munthu woitanidwa mbali zitatu, n'kutola kabotolo ka madzi. Atapita nako pawindo, anapeza kuti ndi kakupha kaja.

Anasiya mpeni. Anapempha ntchito yofufuza mmene zolakwa zimayambira m'chipatala ndi kuzitseka zisanafike pa wodwala. Anzake anamuseka kuti Lumo labuntha. Mkazi wake anadandaula.

"Bambo a ana, sukulu yonse ija kuti muzikawerenga mababu?"

"Makabati aja apha anthu awiri ine ndikudutsa pomwepo tsiku lililonse."

Timabotolo tija anatisiyanitsa, ndandanda inasintha. Atatero anakafunafuna namwino wochotsedwa uja. Anamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba ya mchemwali wake, ataonda.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Mlandu uja sunali wanu nokha. Ndikufuna tikumenyereni nkhondo mubwerere."

Mayiyo anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Ndamva, adokotala. Banja langa linatha, ana anga kusukulu amawanena kuti ndi ana a wakupha. Zimenezo ndazolowera. Koma mukanandilola kumaliza mawu tsiku lija, khanda lija bwenzi lili ndi mayi."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kuchipatala sanapondekonso.

Phunziro: Pakalakwika zinthu musathamangire kufunsa kuti walakwa ndani. Funsani kuti zinatheka bwanji. Mukachotsa munthu n'kusiya msampha, mawa ukola wina. Ndipo wapansi panu akamakuchenjezani, mulekeni amalize kulankhula. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene ali ndi anthu owayang'anira pantchito, mwina ipulumutsa moyo.