Ndege Yopanda Matayala

Bambo Yosiya anagoneka ndege yawo pa benchi ya Zakaria mosamala ngati khanda. Inali yamatabwa opepuka, mapiko ake otalika ngati munthu atatambasula manja, yopakidwa mawangamawanga obiriwira ndi ofiirira. Inali ya mtundu uja wouluka mwiniwake ali pansi, akuiongolera ndi kawailesi ka m'manja. Chinatsala ndi injini basi.

Zakaria ankakonza majenereta m'kashedi kuseri kwa nyumba yake ku Rugare. Timainjini ta ndege zoseweretsa anatigula pa okushoni azungu ena akusamuka, ndipo tinangokhala m'bokosi kudikira wamisala wotifuna. Lero wamisalayo anabweradi, koma anabwera ndi ndege yoipa.

Anaizindikira atangoiona. M'masiku a nkhondo yomenyera ufulu, iye ali mwana pa famu ya fodya, ndege yotereyi inatulukira pamwamba pa mabulugama n'kulavula moto pa komboni. Mkono wake wamanzere unapsa, mpaka lero ndi zipsera zokhazokha. Mlongo wake Rebeka sanatuluke m'nyumba. Ndipo ku Rugare panalibe wosadziwa kuti a Yosiya pa unyamata wawo ankatsuka ndege zimenezi ku bwalo la asilikali. Taonani lero, nkhalamba yopanda manyazi yasema fano la mabwana ake, osaphonya ngakhale kamsomali kamodzi. Zakaria anaida ndegeyo, anamudanso mwiniwake. Mlandu suola.

"Mukufuna yotani, bambo?" anafunsa, ulemu uli wapakamwa chabe.

"Ndimve kaye kulira kwake, a Zakaria."

Anayamba ndi injini ya thu sitiroko, yopepuka ndi yaukali. Ataimangirira pa benchi n'kupukusa chokupizira mphepo chake, inalira mosokosa ngati udzudzu wolowa m'khutu. A Yosiya anapukusa mutu.

"Ichi ndi chidole. Yeniyeni sinkalira chonchi."

Yeniyeni!  Wouza Zakaria kulira kwa yeniyeni ndani? Anabwerera ku bokosi. Munali mainjini awiri a folo sitiroko, aja okhala ndi mavavu ngati galimoto, olemera pang'ono koma a mawu aakulu. Ina inali yabwinobwino. Inayo, yonyezimira kwambiri, inali ndi kasipuling'i kotopa pa vavu: pansi inkalira mokoma, koma ikangotentha inkazima osatsanzika. Zakaria anatenga yonyezimirayo. M'maganizo mwake ankaiona kale ndege ikutsokomola m'mwamba, ikubwera chamutu, nkhalamba ikutolera zibenthu za ntchito ya zaka zambiri m'thumba la shuga.

Atailiza, shedi yonse inanjenjemera. Inali du-du-du wochokera pansi pa chifuwa, uja amamveka m'mimba khutu lisanamve. Zipsera za Zakaria zinayamba kuyabwa. Ku geti, mayi Melina, akazi awo a Yosiya, omwe anakana kulowa n'kuima chofulatira, anagwetsa chikwama n'kutseka makutu ndi manja. Ngakhale mkazi wake zamukwana, anatero Zakaria mumtima.

A Yosiya anali atatsinzina. 

"Ndi imeneyi," anatero injini itazimitsidwa. "Ndendende."

"Kulemeraku kukuthandizani," anatero Zakaria, akupima mphuno ya ndege ndi chala. "Mphuno yake ndi yaifupi, ikufuna cholemera kutsogolo." Pamenepo ankanena zoona, ndipo bodza limayenda bwino likatsamira pa choona. Atatembenuza ndegeyo anaona kuti kumimba kwake kunali see, kopanda matayala, kopanda ngakhale mabowo ake. "Matayala mwaiwala, mudhara," anatero, kuwatchula monga amatchulira nkhalamba kuno.

"Sindinaiwale. Pokwera tidzaiponya ndi manja."

Zakaria anadziluma lilime kuti asaseke. Munthu wojambula nambala ya pa mchira ndi nthenga ya nkhuku, koma osaganiza za potera! Bola choncho, ntchito ichepe. Anayamba kukulunga injini ija m'nyuzipepala, n'kuikanso botolo la mafuta ake. A Yosiya anabweza botololo, nati kabotolo kakang'ono kakwanira. Kuumira kwa apenshoni, anaganiza Zakaria.

"Mwasankha bwino, bambo," anatero akupereka phukusi, maso ali gwa pa nkhope yawo, kuti adzaikumbukire tsiku la maliro a ndegeyo. "Mukaisamala, iyi idzakukhalirani zaka ndi zaka."

"Zaka n'zachiyani? Ingolira ulendo umodzi, koma chonde isakazime m'mwamba, ikafike pansi ikulira." A Yosiya anatembenukira ku geti, mawu awo n'kutsika. "Yeniyeniyo ndinaitsuka ndi manja angawa m'mawa, masana inakapha mwana wathu woyamba ku famu kwa apongozi. Lamlungu ndikufuna Melina aimve ikulira ngati tsiku lija, kenaka aione ine ndikuimenyetsa pa thanthwe."

Zakaria analanda phukusi lija n'kutsegulanso bokosi. "Osati iyi, bambo, tengani inayi. Ndipo Lamlungulo woiponya m'mwamba ndikhala ine."