Manja a wometa tsitsi

Panali mayi wina amene tulo tinamuthawa chifukwa cha manja a mwamuna wake, amene sankakhazikika. Mwamunayo anali wometa tsitsi. Mchimwene wake atamwalira, anasiya kudya ndi kucheza, mpaka kuchipatala anamupatsa mankhwala a matenda a kukhumudwa. Anamuuza kuti mankhwalawo amagwira ntchito pang'onopang'ono, ndiponso kuti asaphatikize ndi ena asanafunse.

Tsiku lina mwamunayo anaweruka msanga. Makina ometera anamupulumuka m'manja n'kucheka kasitomala khutu, ndiye abwana anati apite kaye kwawo.

Usiku umenewo mayiyo ankangomuyang'ana. Kunja kukuzizira, munthu thukuta kamukamu. Mwendo ukudumpha wokha. Mwana wa diso atakula ngati wa mphaka. Malungo anji amenewa? Kapena mowa? Koma fungo panalibe. Anawerenga mapiritsi a kuchipatala, napeza kuti akumwa bwinobwino. Kenako anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi achikasu.

"Bambo a mwana, awa ndi a ndani?"

"Iwe, unayamba liti upolisi?"

"Lero lomwe. Yankhani."

"Anandipatsa dalaivala uja ndimamumeta. Akuti nayenso anadwalapo maganizo. Akuti anga aja ndi aulesi, ake ndi achangu."

"Ndiye mwasiya ati?"

"Kusiya? Ndikumwa onse, azithandizana."

"Akuthandizanadi. Taonani mmene mukuvinira muli chogona."

Mwamunayo anafuna kuseka, koma nsagwada zinali gwa.

Kutangocha, mayiyo anabereka mwana kumsana, anatenga mankhwala onse awiri, n'kumukokera mwamuna wake kuchipatala. Dokotala atangoona mankhwalawo anaimirira.

"Awiriwa amakankha chinthu chimodzi mu ubongo. Mukawaphatikiza chimasefukira, thupi limatentha, mtima umathamanga. Ena amafa nazo. Bwanji simunabwere dzulo lomwe?"

Anamugoneka pompo. Akumuika diripi, mwamunayo ananong'oneza mkazi wake kuti asauze aliyense. Mayiyo anangoti, "Ndiuza mmodzi yekha," n'kutuluka. Anapita molunjika kumalo ometera kuja kukafunsa nambala ya foni ya dalaivala uja kuti amuchenjeze, chifukwa mwamuna wake anali atamuululira kuti dalaivalayo anagawirakonso wometa wina wa pampando wachiwiri pamalopo.

Phunziro: Mankhwala a maganizo sabwerekana, ngakhale matenda afanane. Musaphatikize kapena kusiya mankhwala dokotala asanadziwe, ndipo uzani achipatala chilichonse chimene mukumwa. Munthu akayamba kunjenjemera, kutentha thupi ndi kusokonezeka, musadikire kuti kuche. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu, makamaka aja okonda kugawa mapiritsi.