Miyezi Inayi ya Aphunzitsi a Benedict

Stelia anali atapukuta kale mpandowo kawiri, ndipo a tcheyamani a chipani atangonyamukapo pang'ono kuti akonze thalauzi, anaupukutanso kachitatu. Mayi ameneyu litsiro ankadana nalo kuposa njoka. Ntchentche ikatera pa tebulo lake, tebulolo linkasamba ndi sopo.

Chinthu chimodzi chokha pakhomopo sankachikhudza: chipaipi cha amuna ake, a Benedict, mphunzitsi wa pasukulu ina kufupi ndi Matandani. Chinkaima kuseri kwa nyumba pa miyendo itatu ngati kakowa wodwala, kamera ataimangirira kumbuyo kwake ndi mphira wa chubu cha njinga. Anawasiyira ndi mzungu wina pobwerera kwawo. Eni ake ankachitcha telesikopu, Stelia ankachitcha mkazi wachiwiri. Kusuzumiramo? Ngakhale tsiku limodzi. Ankati diso lake si la pabowo la kiyi.

Dzuwa likangolowa, bambo wamkulu ndi ndevu zake ankawerama pachipaipipo, matako ataloza kumudzi, eti akujambula nyenyezi ina dzina lake Jupita. Ati nyenyeziyo ili ndi miyezi yakeyake inayi. Inayi, inu. Neno yense akukhalira mwezi umodzi, nawonso wothawathawa, koma aphunzitsi anapeza inayi kuseri kwa bafa lawo.

Anthu anaseka mpaka anatopa. Kenako wina anakumbukira kuti Mozambiki ili kuseri kwa mapiri omwewo, ndi kuti chipaipicho nthawi zina chinkayang'ana komweko. Zaka zimenezo munthu wokhala ndi kamera pafupi ndi malire sankafunsidwa kawiri. A Laimoni, tcheyamani wa chipani m'deralo, anapereka masabata awiri: aphunzitsi aonetse chithunzi cha miyeziyo, apo ayi chipaipi, kamera ndi mwini wake akafotokoze ku boma. Ndipo opita kukafotokoza masiku amenewo ankabwerako ana atamera mawere.

A Benedict anapempha kuti a tcheyamani angosuzumira okha madzulo. A Laimoni anakana. Anati iwo sangaike diso pakamwa pa chinthu chosachidziwa, nanga chikaphulika? Komanso boma silikhulupirira maso a munthu, limakhulupirira pepala.

Basi aphunzitsi anajambula, udzudzu ukuwadya, n'kutumiza filimu ku situdiyo ina ya ku Blantyre kuti akatsukeko chithunzi chimodzi chachikulu. Poti sakanasiya ana m'kalasi, amene anakwera basi kukachitenga anali Stelia. Anafika nacho Loweruka masana, envulopu yomata ataikulunga mumpango woyera, ndipo anapeza a tcheyamani akudikira kale kuseri kwa nyumbako ndi amuna awiri a chipani. Atatha kulimbana ndi mpando uja anapereka envulopu, n'kulowa m'khitchini kukatsukanso makapu otsukatsuka.

A Benedict anali atavala tayi. Anaimirira chifuwa patsogolo ngati tambala, n'kuuza a tcheyamani kuti atsegule okha, awerengenso okha.

A Laimoni anang'amba envulopu. Chithunzicho chinali chakuda bii ngati kunsi kwa poto, pakati pake pali dontho limodzi loyera, lalikulu ngati nandolo. Anachitembenuza. Anachilozetsa kudzuwa. Anachinunkhiza.

"Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekera panjira," anatero, "koma kuwerenga mpaka folo ndimatha. Apa pali wani."

A Benedict anachilanda. Anavula magalasi, anawavalanso. Anakutumula envulopu kufuna filimu, munatuluka mpweya wokha. Apa tambala uja ananyowa. Anayamba kunena za mitambo, za mankhwala a ku situdiyo, za basi yogwedeza katundu. Analumbira pali manda a mayi awo kuti anaiona ndi maso awo, inayi, itandandalika pamzere. Zifukwa zinachuluka kuposa ana a m'kalasi mwawo, koma mwezi sunatuluke ndi umodzi womwe.

Anthu amene anadzaza kumpanda anapukusa mitu. Ena anati ndiye kuti ankajambula zina ndithu. Ena anati ayi, ndi misala ya mabuku chabe, munthu wotha kuwerenga Chizungu koma osatha kuona kuti kumwamba kulibe kanthu. Onse anagwirizana chimodzi: bambo ameneyu wanamiza mudzi, wanamiza ana asukulu, wanamizanso mkazi wake wosalakwa. Amuna a chipani aja anasenza chipaipi ngati maliro, kamera ikulendewera, a Benedict pambuyo ndi tayi yawo, kulowera msewu wa ku Neno Boma.

Stelia sanalire. Anatuluka ndi tsache n'kuyamba kufafaniza timaenje titatu timene miyendo ya chipaipi inasiya. Anesi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzapepesa, nati aphunzitsi achititsa manyazi mayi waukhondo wake pamaso pa anthu.

"Manyazi ake mukanawaona mmene chithunzicho chinatulukira poyamba, mayi," anatero Stelia, tsache osaliimitsa. "Ndinafufuza pepala lonse, munalibe mwezi, kaya wathunthu kaya woonda. Munali litsiro. Ndinamuuza wa situdiyo uja kuti ine sindingaonetse a tcheyamani zauve. Filimu yakudayo aitaye, atenge inki yake apake timadontho toyera tinali pambali pa nyenyeziyo ngati gaga wogwera pa jekete."

Anesi anafunsa kuti tinalipo tingati.

"Tinayi," anatero Stelia. "Titandandalika pamzere."