Amene Anaoneka Bwino pa Kanema

Moni okondedwa, tiyamike Iye amene saodzera kapena kugona.

"Ika chithunzi chooneka bwino kwambiri, cha madontho ambirimbiri chija," anatero mkulu wa mpingo, akusisita jekete lake latsopano. Kanali koyamba kuti mapemphero awo aulutsidwe pa kanema, ndipo mkuluyo ankafuna kuti dziko lonse limuone mpaka mabatani.

Mkamwini wake, amene ankayendetsa makina ojambulira, anadzikanda m'mutu. "Bambo, mpata umene a kanema atipatsa ndi wochepa. Madontho akachuluka, chilichonse choyenda chimaphwanyika, chimene chimaoneka bwino n'chongokhala phee. Tichepetseko kuti aliyense aoneke."

"Ine ndinakupatsa mwana wanga, iwe undipatse chifunga? Ika."

Lamulungu kwaya inavina, abusa analalikira akudumpha. Atafika kunyumba, mkuluyo anapeza akazi ake, amene anatsala chifukwa cha mwendo wotupa, adakali pa kanemapo.

"Mwandiona, mayi?"

"Inu nokha, bambo. Abusa anali timabokosi tokhatokha, kwaya ngati mafupa ouma a m'chigwa aja asanalumikizane. Koma inu kumbuyo kwa guwa, thanthwe losagwedezeka. Mutu pambali, kukamwa yasa, dovu likutsetsereka mpaka pa batani la jekete. Ndi dzino lobenthuka lija lomwe linaoneka."

"Ndimapemphera," anatero motsitsa mawu.

"Ndi mkonono womwe? Musadandaule, amene sanakuoneni akuonani. Akuti abwereza Lachitatu."

Ambuye akudalitseni, okondedwa, ndipo akusungeni maso ulaliki ukatalika.