Suti ya Bambo a Ndaziona

Chiyambireni mliri wa chifuwa, paki ya gudumu lalikulu lozunguza anthu m'mwamba ya kwa Kalonjere imalowetsa banja limodzi patsiku. Makina a pachipata amayeza aliyense kutentha thupi, ndipo wina akapezeka wotentha kawiri, banja lonse limabwerera kukadikira chaka chamawa.

Tsiku la banja la a Nankhoma linagwa mu Okutobala. Ana anasamba osauzidwa. Koma amuna awo anatuluka m'nyumba atavala suti ya paukwati, juzi m'kati, tayi pakhosi.

"Bambo a Ndaziona, ndi dzuwa limeneli?" anafunsa a Nankhoma.

"Ndikakwere kumwamba mudzi wonse ukundiona, nditavala ngati wopita kudimba?"

Anayenda wapansi makilomita atatu. Pachipata ana anadutsa, a Nankhoma anadutsa. Bambo atasendeza chipumi, nyali inayaka yofiira. Ndaziona, mwana woyamba, anayamba kulira.

A Nankhoma sanataye nthawi. Anakokera amuna awo pansi pa mtengo wa mango, n'kuwavula jekete, juzi, shati, mpaka nsapato. Madzi akumwa onse anathera pamutu, ana akuwakupiza ndi zivundikiro za makontena a kamba.

"Mukundichititsa manyazi, mayi."

"Makinawa sayeza manyazi. Khalani phee."

Ulendo wachiwiri nyali inaphethira, inaphethiranso, kenako yobiriwira! Ana anathamanga akukuwa, a Nankhoma akululutira pambuyo pawo, suti ili pamutu ngati mtolo.

Gudumu litafika pamwamba penipeni, mudzi wonse unawaonadi bambo a Ndaziona, ali m'vesiti yobooka, akukuwa kuposa ana, atakakamira mkono wa akazi awo. Tayi yokha anakana kuvula.