Chiphona Sichimanga Bala

Mlamu wathu anali atafumbata kale dayisi, kachibenthu ka manambala koponya pamasewera, pamene achimwene, amene amayendetsa masewera athu a nthano patebulo, anagunda chala pabuku la malamulo.

"Ayi, alamu. Chiphona sichichiritsa munthu."

Pamasewerawa aliyense amasankha khadi la munthu kapena cholengedwa chimene akhale m'nthanomo. Mlamu anali atangotuluka kundende, ndipo anapeza patatsala khadi limodzi lokha, la chiphona cha mano otulukira kunja. Tsopano m'nthanomo msilikali wa mkazi wake, mchemwali wathu, anali atalasidwa pamlatho, ndipo chiphonacho chinkafuna kumumanga bala.

"Walamula ndani zimenezo?" anafunsa mlamu motsitsa mawu.

"Si ine ayi. Opanga masewerawa anatenga ziphona m'mabuku akale a nthano. M'menemo zimabadwa zoipa, n'kufa zili zoipa."

"Zonse?"

"Zonse."

Mlamu anayang'ana jekete lake pamsomali wa kuchitseko, kenako anakankha mpando n'kuimirira. Tonse tinadziwa kuti akatuluka, m'nyumba muno sadzapondamonso.

"Achimwene," anatero mchemwali osadzutsa mutu, "msilikaliyu ndi wanga, balanso ndi langa. Amene analemba mabukuwo sali pamlatho pano. Ndikufuna andimange iyeyu."

Achimwene anapukuta magalasi awo ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Sanaphunzire zamankhwala," anatero potsiriza. "Akaponya nambala yochepa, umwalira, ndipo sindikudzutsa."

"Ndamva."

Achimwene anatembenukira kwa mlamu.

"Nanga inu mwaimiriranji? Munthu akutha magazi apa."