Belo ya Lansana

Foni inalira loya wa Lansana atangotsegula pakamwa kupempha belo. Inalira nyimbo ya kutchalitchi, mokweza bwinobwino, moti mayi wina kumbuyo anatsala pang'ono kuvomereza.

Khoti lonse linati zii. A Jaji Metzger-Coker a bwalo lalikulu sankaseka ndi mafoni. Nayo belo kwa iwo inkayendera m'mene adzukira: akadzuka bwino, upita kwanu, akadzuka ndi tsinya, ukaolera kundende. Wowafunsa chifukwa chake anali asanabadwe.

A Jaji anadzigwira pachifuwa, nkhope ili gwa.

"Ya ndani imeneyo?"

Foni inapumira, n'kuyambiranso.

"Mwini wake akapanda kuimirira, milandu yonse ya lero ndidzaimva chaka chamawa."

Pomwe Lansanayo anali atatha kale miyezi m'ndende, pa mlandu wa njinga yamoto imene mwini wake anaipeza kalekale kwa mlamu wa iye mwini.

Ndiye bambo ake a Lansana, Pa Thoronka, telala wosokera maloya ndi majaji mikanjo, anadzuka pang'onopang'ono. Anavula kachipewa kawo ka kumzikiti, dzanja lina lili m'thumba.

"Ndi yanga, bwana. Ukalambatu. Mabatani ake amandisokoneza."

Nayo foni inakhala chete, ngati yamva.

A Jaji anawayang'anitsitsa.

"Imvi zopanda mwambo. Sabata imodzi m'ndende, chifukwa chonyoza khoti."

Atatero anapumira m'mwamba, mtima unakhala m'malo, ndipo anam'patsa Lansana belo osatsegula n'komwe fayilo. Anthu anatuluka akupukusa mitu: mdala wosasamala ameneyu, pang'onong'ono akanam'pweteketsa mwana wake yemwe.

Pakhonde, wapolisi akuwakoka dzanja Pa Thoronka, akazi awo Ya Fudia anawathamangira, nsalu ikukwekwereka pansi.

"Bambo a Lansana, mwapenga kodi? Kafoni kanu mwakasiya kunyumba pa mashini, kothimathima! Komanso inu, Alhaji wathunthu, nyimbo za kutchalitchi munaziyamba liti?"

"Tsitsani mawu, mayi a Lansana," anatero Pa Thoronka. "Kathumba komwe imalirira foni ija kali m'kati mwa mkanjo wa a Jaji, pachifuwa pomwe. Ndinasoka ndine. Mukamabwera ndi mpunga, chigwadacho tsabola achuluke."